Ng'anjo ya Mtovu ya a Baba Vimbai

Lolemba, 3 Juni 2024

Pepani zolembazi. Zilembo zopendekera ngati mpanda wa kwa aneba anga Mai Brilliant, mawu ena olumikiza posayenera. Sukulu ndinalekezera Giredi 4 ku famu, nayonso inali ya Chishona. Chichewa changa ndi cha m'kamwa mwa mayi ndi cha m'buku la nyimbo. Komanso ndikupepesa kwa yani? Bukuli ndi langa. Komabe pepani.

Wandiuza kuti ndizilemba ndi Vimbai, mwana wanga wa ku Joni. Akuti ndimamuimbira kuntchito pa chilichonse. "Mhamha, nkhawa zanu muzilemba m'buku, Lamulungu muzindiuza zonse pamodzi." Ananena m'Chishona. Chichewa amamva, kuyankha ayi.

Nkhawa ya lero: ng'anjo.

Amuna anga, a Baba Vimbai, amapanga masinka, tizitsulo tolemera tija a mbedza amamangirira pachingwe kuti nyambo imire. Mtovu amakatola kumsika wa ku Makoni kwa anyamata okonza matayala. Amasungunulira m'chitini cha penti, pambaula, kuseri kwa nyumba. Dzulo chitini chinabooka. Mtovu wonse pansi, waundana pasimenti, wautali wopyapyala. Iwo akuti wafanana ndi mapu a Malawi, n'chizindikiro chabwino. Ine ndikuti ndi simenti yanga.

Vimbai wati awagulira ng'anjo yeniyeni, atumiza pa basi. Koma wati wosankha ndine, poti wosowa tulo ndidzakhala ine. Ine, Rozina! Munthu woti kabichi ndikagula kumsika ndimabwerera kukasintha.

Lachitatu, 5 Juni

Kuzizira. Tomato patebulo langa sakuyenda. Pampopi pouma, ndasiya kuwerenga masabata. Kumjigo mzere mpaka pa shopu.

Zithunzi za ng'anjo zabwera pafoni kuchokera kwa Vimbai.

Ina ndi ya magetsi. Kamphika kakuda koima pamiyendo, kampopi kunsi. Yokongola, sindikana. Koma nditakulitsa chithunzi ndi zala, pakatoni pake pajambulidwa zipolopolo. Zipolopolo zenizeni, zondandalika ngati ana asukulu pamzere. Vimbai akuti kumeneko amagula ndi anthu a mfuti zokhala ndi mapepala a boma, mphika ndi umodzimodzi, chosiyana ndi chikombole basi. Iye akunena ali ku Joni. Katoniyo idzatsikira kuno, ndipo wodzaisenza pamutu kuchokera pa siteji mpaka kwathu ku Unit N, mseu wonse ukuona, ndine.

Ndiye kuseri kwa mpanda, kwa Mai Brilliant, kuli loja wawo, wochita lendi, Admire. Wapolisi. Yunifolomu amayanika moyang'anana ndi windo la khitchini yanga. Mwana waulemu, moni amapereka akuwomba m'manja. Ulemu wakewo ukundiopsa. Ngati akudikira chinachake.

Komanso magetsi ake ati? Amabwera tili mtulo, tikamadzuka apita.

Ina ndi ya gasi. Ayi. Wophikira yemweyu ndimabwerera kuchokera pageti kukamununkhiza.

Yachitatu si ya ku Joni. Wowotcherera zitsulo wina wa kudera la St Mary's akuti atha kupanga ya makala, yachitsulo chokhuthala. Yotchipa. Koma utsi.

Ndawafunsa eni ake kuti akufuna iti. Akuti, "NaMbewe, ine ndikufuna imene inu mungagone nayo tulo. Ndiye kuti sinapangidwe." Akamandiitana dzina la mfunda ndimadziwa kuti akundiseka.

Lachinayi, 6 Juni

Ku Chigwirizano. Bulauzi yoyera ndachapa ndi madzi ogula.

Ndilembe chifukwa chake sindingangoti ayi, zonse zikhale.

A Obadiah, amuna angawa, anagwira ntchito pa fakitale yosungunula zitsulo ku Harare kuyambira tisanakwatirane. Itatsekedwa anabwera ndi ovolosi m'pepala la pulasitiki, anatulutsa mpando wa waya, anauika pansi pa mtengo wa mapeyala, anakhala. Anakhaladi. Mvula inabwera, inapita, iwo ali pomwepo. Wailesi pamiyendo, yosatsegula. Akulu awo a Shadrick anachita chimodzimodzi ntchito itawathera. Mpando unali wina, koma kukhala kwake komweko. Kuchipatala sanapeze matenda. A Shadrickwo tinawaika m'manda mwezi ngati uno.

Koma amuna anga, masinka ndi amene anawadzutsa. Chaka chatha bambo wina wa mbedza, akugula tomato, anadandaula kuti a m'shopu adula. Iwo anamva ali pampando. Mawa lake mpando unali wopanda munthu. Tsopano amaimba kuseri, nyimbo ya m'buku, mavesi osokoneza. Masaya abwerera. Loweruka anthu opita kukaweza kumadamu a Manyame ndi Chivero amagogoda pageti, kufunsa sekuru, agogo a masinka. Amatuluka akuyenda ngati foromani.

Ndiye ndikuopa moto, ndikuopa utsi, ndikuopa polisi. Koma mpando uja ndimauopa kuposa zonsezi. Ndinaubisa kuseri kwa chimbudzi, ndinaunjikapo mabeseni.

Lachisanu, 7 Juni

Ndinasankha ya magetsi m'mawa. Ya makala masana. Madzulo palibe.

Iwo ajambula zonse zitatu pansi ndi kamtengo, kundifotokozera ubwino wake. Ndinafunsa ngati ya gasi itaphulika ingafike kuchipinda. Akuti ingafike mpaka kutali ku Seke Road, koma ine ndidzakhala nditathawa kale dzulo lake.

Mafuta ophikira akwera. Bondo lamanzere.

Loweruka, 8 Juni

Madzi abwera! Mpopi unayamba kutsokomola dzuwa litangotuluka. Mai Brilliant anakuwa pampanda, mseu wonse zidebe gwe gwe gwe.

Ndachapa mabulangete, makatani, matumba a tomato. Ndatsuka mapoto, tebulo, mawindo, chitseko, geti. Galu wa eni ake anandiyang'ana, anathawa. Kuno madzi akabwera sufunsa kuti ichi n'cha yani. Umatsuka, poti sudziwa kuti abweranso liti.

A Baba Vimbai anali ku Makoni, kukafuna mtovu ndi chitini china chogwirizira. Kuseri ndinapeza zida zawo panjerwa, chipande chachitsulo chotungira ndi chikombole chija chotseka ngati buku. Zakuda bii. Mwamuna wa munthu kumagwira zinthu zotere, anthu aziti mkazi wake amatani? Ndazikwecha ndi mchenga ndi sopo. Kuda kwake sikunachoke, kunalowerera, koma mtima wanga ukudziwa kuti n'zotsuka. Chikombole ndachitseka bwinobwino kuti fumbi lisalowe, ndabweza pomwe zinali. Sanaone. Amuna saona.

Msana ukuwawa. Koma nyumba ikununkhira sopo. Lero palibe nkhawa. Ndafufuza, palibe.

Lamulungu, 9 Juni

Zilembo zaipiratu.

Titabwera kutchalitchi iwo anavula jekete, anavala ovolosi, anakoleza mbaula. Anali pachangu, pali anthu anawalonjeza. Ine m'khitchini, kudula repu.

Phuu! Ngati mfuti. Ndinagwa pansi mpeni uli m'manja. Choyamba kubwera m'mutu: polisi afika kale, katoni isanabwere n'komwe.

Ndinathamangira kuseri. Iwo ali chiimire. Mtovu wamwazika pakhoma, pachitseko cha chimbudzi, pa ovolosi, ukuwala ngati nyenyezi. Dzanja lamanja lapsa pamwamba. Ndi kadontho pansi pa diso. Pansi pa diso penipeni. Kukanakwera pang'ono pokha. Sindifuna kulemba.

Admire analumpha mpanda atavala kabudula ndi masilipasi, thovu lometera kutsaya limodzi. Asanafunse kanthu ine ndinali nditayamba kale. Mwanangu si zipolopolo, katoni sitinaitanitse, ndi zithunzi chabe za pafoni, ife ndife a tchalitchi. Anandiyang'ana. Akuti, "Katoni iti, gogo?" A Baba Vimbai, dzanja lili m'ndowa yamadzi, anati, "NaMbewe, musatimangitse pa mlandu woti sitinaupalamule."

Mwana uja anatiperekeza ku kiliniki, anatiyimitsira yekha kombi, minibasi ya kuno. Pobwera anatola sinka imodzi pansi, anaitembenuza, anafunsa mtengo. Akuti akakhala pa ofu amaweza ku Manyame. Miyezi yonseyi ndimatseka katani chifukwa cha msodzi.

Lachiwiri, 11 Juni

Bandeji. Nesi akuti ndi mwayi. Akutinso utsi wa mtovu si wabwino, azisamba m'manja asanadye, zida zawo zisayandikire mapoto. Ndinagwedeza mutu pa mawu aliwonse. Pali anthu ena padziko oganiza ngati ine.

Mai Brilliant afalitsa mpaka kumjigo. Anthu akubwera kudzaona khoma, ndipo poti n'zamanyazi kungoona, akumagula tomato. Kunena zoona tomato wayenda.

Madzulo, ndikusenda mbatata, iwo anandifotokozera. Akuti mtovu wosungunuka ukakumana ndi madzi, ngakhale kadontho, umaphulika. Ku fakitale linali lamulo loyamba, ankalalatira nalo anyamata atsopano. "Munali madzi m'chikombole," anatero. "Mvula kulibe mwezi uno. Zida zanga palibe amazigwira. Ndiye kuti ndine. Ndinachiika penapake ponyowa, sindikukumbuka." Kenako anati, "A Shadrick anayamba ndi kuiwala."

Ndinasenda mbatata ija mpaka inathera m'manja.

Za kutsuka kuja sindinaulule.

Loweruka, 15 Juni

Mpando wabwerera. Anaupeza okha. Mabeseni anga anawatsitsa, anawasanja pansi mwaulemu.

A mbedza anagogoda pageti. Akuti ndiwauze kuti sekuru anapuma. Ndinawauza kuti dzanja silinapole. Mmodzi anasiya nsomba ziwiri, akuti za odwala. Ndinakazinga. Anadya mutu wokha.

Amuimbira Vimbai okha kuti asagule chilichonse, asunge ndalama zake. Vimbai anandiimbira nthawi yomweyo kufunsa chachitika. Ndinati nkhawa timakambirana Lamulungu, unatero ndiwe. Akuti, "Mhamha, inu kukana kunena nkhawa? Ndiye kwaipadi."

Ndimafuna ng'anjo isabwere. Siikubwera. Palibe katoni, palibe gasi, palibe utsi. Ndiye ndisangalale. Ndayesa.

Chondikanika n'chiyani? Kumenya sanandimenyepo. Kukalipa kwawo n'kochepa, kuli ngati kwa mphaka. Koma m'nyumba muno wochenjeza ndine. Zimitsani kandulo, tsekani gasi, musadye nyama ya m'mphepete mwa mseu. Moyo wonse. Ndiye ndiime pamaso pawo, ndiyang'ane kachipsera kaja pansi pa diso, ndinene kuti ndinatsala pang'ono kukuchititsani khungu ndi sopo?

Lachinayi, 20 Juni

Sindinalembe masiku apakatiwa. Zolemba zake zikanakhala zomwezo. Mpando. Wailesi pamiyendo. Mbale yobwerera ndi chakudya.

Dzulo ndinawapeza akudzifunsa mayina a anzawo a ku fakitale, mmodzimmodzi, milomo ikuyenda. Atakakamira pa dzina lina nkhope inagwa. Dzinalo nanenso sindilikumbuka, ndipo munthuyo anali wosakumbukika chikhalire. Koma iwo anatenga ngati umboni.

Ku Chigwirizano ndinapempha pemphero la munthu wina amene anatsuka chinthu. Amayi apampando anafunsa ngati masiku ano kutsuka kwasanduka tchimo, kuti ngati ndi choncho apongozi awo aakazi akalowa kumwamba opanda mlandu. Amayi onse anaseka. Anapempherabe.

Pochokera kumeneko ndinakwera kombi ya ku St Mary's, yunifolomu ili m'thupi, osauza munthu. Wowotcherera uja anandionetsa chitsulo chomwe angapangire. Chokhuthala, cholemera, chogwirira chachitali. Ndinafunsa za utsi, za miyendo yake, ngati singagubuduke. Pomaliza ndinafunsa kuti pa ng'anjo zonse ndi iti yomwe siphulika madzi akalowa. Anakweza magalasi ake akuda pamphumi. Akuti, "Gogo, imeneyo kulibe. Ingouzani wotsukayo asiye." Ndinatuluka msanga. Kaya nkhope yanga imalembedwa ngati katoni ija.

Admire anabwera kudzafunsa masinka ake. Iwo anati manja anakalamba. Bandeji inachoka, chilonda chikuuma bwino. Chomwe chikudwala si dzanja.

Lamulungu, 23 Juni

Ndanena.

Madzi anabweranso m'mawa. Mseu wonse phokoso, ine ndili chiimire ndi ndowa, manja osafuna kugwira sopo. Iwo pampando, kuyang'ana geti. Kutchalitchi anati sapita, kwazizira. A Shadrick ankateronso.

Ndinaika ndowa pansi. Ndinakatenga chikombole ndi chipande, ndinaziika pamiyendo pawo, pamwamba pa wailesi. Ndinagwada. Chigwadire chotere ndi cha tsiku la ukwati, ndipo mawondo analira onse awiri. Ndinati ndinatsuka ndine, Loweruka lija madzi anabwera.

Mpopi ukuthira m'ndowa.

Akuti, "Ndi sopo?" Ndinati ndi sopo. "Ndi mchenga?" Ndi mchenga. "Ndiye munatseka?" Ndinati kuti fumbi lisalowe.

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira. Kunali kuseka, kuseka kwa misozi, mpaka wailesi inagwa. "Ng'anjo za ku fakitale, zazikulu ngati nyumba ino, zinandilephera. Wandiwombera ndi mkazi wanga. Ndi sopo." Mai Brilliant anasuzumira pampanda. Ndinawauza kuti tikupemphera.

Kenako kuseka kunatha. Anafunsa ndi mawu aang'ono, omwe sindinawamvepo, "Ndiye mutu wanga uli bwino?"

Ndinati uli bwino. Wanga ndi umene ukufunika kuonedwa.

Anatembenuza chikombole m'manja. Anati nawonso analakwa, akanayamba achiwotcha pamoto monga amachitira, koma anali pachangu. Ndinayamba kupuma. Ndiye anandiyang'ana. "Koma NaMbewe, masiku onsewa. Mumandiona ndikuwerenga mayina."

Dzina la mfunda lomwelo, koma ulendo uno sankaseka.

Ndowa inasefukira. Sindinachape kanthu lero. Madzi apita.

Vimbai ndamuuza. Anaseka mpaka foni inaduka, anaimbanso, anasekanso. Kenako anati ndiwapatse bambo ake, analankhula nthawi yaitali. Ine ndinapita kukaona gasi.

Lolemba, 24 Juni

Ndadzuka, pampando palibe munthu. Kuseri kukumveka hamala.

Akhoma msomali pakhoma, m'mwamba, pafupi ndi malata. Apachikapo chipande ndi chikombole. Atapita pageti kukalankhula ndi Admire, ndinayesa kufikira. Kungoyesa chabe, sindimafuna kutsuka. Sindifika. Ndinakwera panjerwa, sindifikabe. Mawu kumbuyo kwanga: "Ndinayeza ndi msinkhu wanu."

Phala amaliza mbale yonse. Apita ku Makoni. Koma sakuimba. Ndamvetsera m'mawa wonse.

Vimbai akuti munthu wake wa basi anyamuka Lachisanu, za ng'anjo ndimuyankhe mawa. Admire akuti ikakhala ya magetsi, katoni adzanyamula yekha kuchokera pa siteji, atavala yunifolomu. Sindikudziwa ngati zimenezo zikuchepetsa nkhani kapena kukulitsa. Mai Brilliant adzati chiyani akadzaona wapolisi akulowa pageti langa ndi katoni ya zipolopolo? Ya makala, utsi uja nesi ananena. Ya gasi ayi. Kapena. Ayi.

Ng'anjo sindinasankhe. Za sopo anaseka, koma za masiku ndinakhala chete aja sindikudziwa ngati andikhululukira. Mpando ukadali pansi pa mtengo. Iwo sanaubweze kuseri, ine sindinaukhudze.